Ndani Anataya Matepi a Amuna Anga

1

Mukafunsa Mmalawi aliyense wa ku Perth kuno za chitini cha matepi cha malemu amuna anga, akuuzani kuti anataya ndi Mayi Dora. Ena amanena moseka, ena momva chisoni, koma dzina limatuluka ndi lomwelo. Ine ndine Annastazia, mkazi wamasiye wa m'nkhaniyo, ndipo ndatopa ndi kungogwedeza mutu anthu akamaikamba.

Ndinabwera kuno mu 2010 kuchokera ku Area 25 ku Lilongwe, ndi satifiketi ya Fomu 4 yosanyaditsa, kudzaphunzira ntchito yosamalira okalamba. Ntchitoyi ndimaidziwa. Ndimasambitsa, ndimatembenuza, ndimapukuta, ndipo nseru ndilibe. A Heraclio Quezada ndinakumana nawo m'basi ya ku Nedlands, kumene ankagwira ntchito yokankha mabedi a odwala pachipatala. Kwawo kunali ku Chile. Ankandiposa ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, imvi zawo atazimanga kumbuyo ngati kamchira. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti kale anali woimba wotchuka.

"Wotchuka akukankha bedi?" ndinatero.

"Ndinatchuka zaka zinayi, m'misewu isanu ndi umodzi," anayankha osachita manyazi.

Ndinaseka, ndipo zinayambira pomwepo.

Tinakwatirana mu 2012 ku ofesi ya boma. Ine Mkatolika wobadwa nacho ndinkafuna ukwati wa m'tchalitchi, koma iwo anakanitsitsa, akuti iwo ndi ansembe samwerana madzi. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkatsala pabenchi anzanga akamapita kukalandira Ukaristia. Sindinama, ukwatiwo unandikonzeranso mapepala okhalira m'dziko muno, ndipo amene ankanong'ona kuti ndakwatiwa ndi viza sankanama kotheratu. Koma bamboyo ndinawakonda, m'njira yangayanga yosanyengerera.

2

Mbiri ya bandi yawo ndinaimva kambirimbiri moti ndingailembe mayeso. Inkatchedwa Los Faroles Ciegos, kutanthauza nyali zosaona. Inayamba mu 1983 mumzinda wa padoko wa Valparaíso, dziko lawo likulamulidwa ndi asilikali. Anali anthu anayi: Remigio woimba, a Heraclio pa gitala, mtsikana wina dzina lake Nélida pa ng'oma, ndi wa gitala ya besi amene anamwalira kalekale. Ankaimba nyimbo za roko m'Chisipanishi, zaphokoso, zonyoza boma mozungulira, m'magalaja ndi m'nyumba zosungiramo nsomba. Apolisi akafika ankaponya utsi wokhetsa misozi, anthu n'kumatulukira pamazenera, Nélida akumenyabe ng'oma, maso ali psuu.

Chimbale choyamba anatulutsa pa kaseti, makope mazana atatu okha. Chachiwiri anajambula mu 1987, koma chisanatuluke Remigio anamangidwa, bandi inabalalika, ndipo a Heraclio anathawa m'dzikomo ndi matepi aakulu awiri m'sutikesi. Remigio atatuluka m'ndende anawatcha mbava. Sanalankhulanenso zaka zoposa makumi atatu.

Matepiwo anali ozungulira ngati mbale. Ankakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu m'nyumba yathu ya ku Girrawheen. Makina oimbira matepi otero tinalibe, ndiye palibe tsiku limene ndinamvapo zimene zinali mmenemo. Kamodzi pachaka ankatsitsa chitinicho, kuchipukuta fumbi, n'kuchibwezera.

"Nélida ameneyu anali ndani wanu?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Mayi wa mwana wanga. Basi."

Mwanayo ndi Ximena. Anamusiya ali m'mimba. Ankaimbirana foni pa Khirisimasi ndi pa masiku obadwa, iwo atatseka chitseko.

3

Mu Juni 2020, malire a dziko atatsekedwa chifukwa cha Kovidi, a Heraclio anagwa m'bafa. Sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka m'chitsime. Ndinachepetsa mashifiti kunyumba ya okalamba imene ndimagwirako ku Joondalup. Zimene ndinkachitira makolo a anthu ena ndinayamba kuchitira amuna anga.

Nthawi yomweyo ku Chile achinyamata otsekeredwa m'nyumba anafukula kaseti yakale ija pa intaneti n'kuyamba kutumizirana. Ximena, amene ndi mphunzitsi, anaganiza zolemba buku la mbiri ya bandiyo. Anagwirizanitsa nkhalamba zitatu zotsalazo kuti zizikumana pa Zoom, iye akujambula zonse. Kwa iwo linkakhala Loweruka madzulo, kwathu kuno Lamulungu m'mawa, nthawi ya Misa. Ndinasiya Misa. Wina ankayenera kuwameta ndevu, kuwaveka shati yabwino, kugwira tabuleti ndi kuwapukuta malovu.

Lamulungu loyamba nkhope zinatulukira. Remigio, wadazi, wamaso ochenjera. Nélida, wowonda, ndudu m'manja, mawu osasa ngati chitseko chadzimbiri. Analira, anatukwanana, anaseka. Kenako Remigio analoza ndi chala, kufunsa kuti dzanja lakuda likuonekalo ndi la ndani.

Chisipanishi sindilankhula, koma zaka zonsezo m'nyumba imodzi khutu limatolako. A Heraclio anakoka mawu anayi kapena asanu, ndipo onse ndinawamva.

"La señora que me cuida."

Mayi amene amandisamalira. Wantchito.

Ndinagwirabe tabuletiyo mpaka ola linatha. Itazima ndinaiika patebulo.

"Mwawauza kuti ndine ndani?"

"Tasia," anatero movutikira. "Akujambula. Zisiye."

"Akujambula ndiye kuti chiyani? Nkhope yangayi ikuwonongerani chithunzi?"

"Zisiye."

"Mphete iyi anandiveka ndani? Khonsolo?"

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinawasintha thewera, ndinawapatsa mankhwala, ndipo Lamulungu lotsatira ndinagwiranso tabuleti. Miyezi isanu ndi itatu. Nélida ankandigwedezera dzanja mwaulemu, monga mmene umachitira ndi wantchito wa mnzako.

4

Mu Febuluwale 2021 sitiroko yachiwiri inawalanda mawu onse. Anatsala maso okha. Ximena anachita mantha, anayamba kundilembera ine m'Chingerezi chake chothyokathyoka. Anali atapeza bambo wina ku Fremantle wokhala ndi makina akale, woti angasamutse nyimbozo kuziika pa kompyuta. Ine ntchito yanga inali kungonyamula chitini n'kukapereka. Anatumizanso mutu umodzi wa buku lake kuti ndiziwaonetsa bambo ake.

Ndinauika pa foni kuti indimasulire. Ndinawerenga ndili chiimire m'khitchini. Zonse zinalimo: nsomba, utsi, ndende, sutikesi. Ndime yomaliza inati Heraclio Quezada amakhala yekha ku Perth, akusamalidwa ndi namwino wa ku Africa, ndipo sanakwatirenso.

Lamulungu lotsatira Nélida anaona kuti mnzake sangathe kuyankha. Anatenga masipuni awiri n'kuyamba kugogoda patebulo pake, kamayimbidwe kena kothamanga. Ndinayang'ana pansi. Zala za dzanja lakufa lija, zimene ndinazisisita ndi mafuta m'mawa uliwonse kwa miyezi yonseyo osagwedezeka n'kamodzi komwe, zinkasuntha. Pang'ono, koma zinkasuntha. Misozi inkatsikira m'khosi mwa shati imene ndinasita ine.

Pali Lachiwiri lina la mu Marichi limene ndilidumphe kaye. Ndibwererako.

Ximena ankafunsa za ku Fremantle sabata iliyonse. Ndinkamuyankha kuti ndili pa shifiti, kuti bambo ake sangatsale okha, kenako kunabwera masiku otsekeredwa m'nyumba a mu Epulo, amene anandipatsa chonamizira chaulere. Pa 19 Meyi a Heraclio anamwalira ndikuwamwetsa phala.

5

Wachibale wawo ngakhale mmodzi sakanatha kubwera. Mlendo sankaloledwa kulowa m'dziko. Amene anadzaza nyumba anali amayi a kumpingo, Amalawi ndi a ku Zambia, motsogozedwa ndi Mayi Dora, mayi wa ku Dedza wamkulu thupi ndi mtima womwe, amene amayendetsa maliro onse a anthu athu kuno. Munthu amene sanapondepo m'tchalitchi mwawo anamuimbira nyimbo masiku atatu. A ku Chile anaonerera pa Zoom. Remigio analankhula mphindi makumi awiri, ndipo pomaliza anathokoza namwino.

Titaika maliro, amayi anabwera kudzasesa monga timachitira kwathu. Namfedwa sagwira tsache, amangokhala pamphasa. Kwathu zovala ndi katundu wa malemu amagawana achibale, koma pano panalibe woti n'kugawana. Mayi Dora anandigwadira pafupi.

"Achemwali, zovalazi titani nazo? Mukamaziona tsiku ndi tsiku mtima sukhala pansi."

"Chotsani zonse, amayi. Musandifunsenso."

Analongedza m'majumbo akuda, zovala, nsapato, timabokosi ta m'galaja, n'kukazisiya m'mashopu a kaunjika a mabungwe achifundo, amene kuno timati opushopu. Anagawa m'mashopu anayi kuti asalemetse amodzi.

Patapita sabata Ximena anaimba. Ndinamuuza kuti chitini sichikuoneka, kuti amayi a kumpingo anachotsa zonse potsata mwambo wathu. Analira mokuwa. Anapempha nambala ya amene anatsogolera, ndipo ndinamupatsa.

Madzulo ake Mayi Dora anafika ali wefuwefu, chitenje chili pambali.

"Mayo ine, ndapalamula! Mwana uja walira mpaka ine kulira. Chitini chotani, achemwali? Ine sindikukumbuka chitini."

"Cha mabisiketi. Chofiira."

"Mwina Betty, mtsikana wa kumpingo uja, ndi amene ananyamula. Ayi, ndisanamizire mwana wa eni, wotsogolera ndinali ine. Loweruka tikasake."

Maloweruka atatu tinazungulira pa galimoto yawo, mamasiki kukamwa, Wanneroo, Balga, Morley, mpaka kunyumba yaikulu yosankhirako katundu. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wodwala mawondo, ankagwada pansi kusuzumira m'mashelefu, akufotokozera azungu za bandi ya ku Chile imene dzina lake sankatha kulitchula. Remigio analemba pa intaneti kuti mbiri ya nyimbo za dziko lawo yatayidwa ndi amayi osadziwa kanthu a ku Africa. Mwana wina wa kuno anazimasulira n'kuziponya pa gulu lathu la pa foni. Kuyambira pamenepo, pakagwa maliro anthu ankati, "Bisani katundu, a Dora akubwera." Anasiya kutsogolera kusesa.

6

Malire anatsegulidwa mu Marichi 2022, ndipo Ximena anafika sabata yachiwiri. Ndinakamutenga ku bwalo la ndege. Anali ndi chipumi cha bambo ake. Mayi ake, Nélida, anali atamwalira ndi Kovidi mu Ogasiti.

Titachoka kumanda tinakhala m'khitchini. Anandigwira dzanja, chala chake chili pa mphete yanga.

"Ndikudziwa kuti munali mkazi wawo," anatero. "Anandiuza tsiku lomwe munakwatirana. Anali osangalala ngati mwana."

Ndinachotsa dzanja. "Ndiye namwino wa ku Africa anachokera kuti?"

Anandiyang'ana modabwa. "Sanakuuzeni? Mayi anga ndi bambo anakwatirana m'tchalitchi ndi kuboma komwe mu 1986. Ukwatiwo sunathe. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe lamulo lothetsa ukwati. Polowa m'dziko muno bambo analemba kuti ndi wosakwatira, ndiye ankaopa kuti akakasudzula kukhoti, bodza loyambalo liululika. Pokwatira inu analembanso chimodzimodzi."



"Remigio anali mboni pa ukwati wa makolo anga," anapitiriza. "Ndipo ankadana ndi bambo mpaka imfa. Akanamva kuti ali ndi mkazi wina wa kuboma, akanalembera a zolowa ndi kutuluka m'dziko tsiku lomwelo. Bambo ankati mapepala anu onse akhazikika pa ukwati umenewu, angakuthamangitseni. Anandilumbiritsa kuti pa Zoom ndi m'buku muzikhala namwino. Amayi nawonso ankadziwa. Ankati ndinu mkazi wolimba, mwawapirira kuposa iwo."

Musaganize kuti ndinasungunuka. Choyamba kubwera chinali ukali. Zaka zisanu ndi zinayi pabenchi, osalandira, chifukwa bambo ankaopa kuti wansembe akaitanitsa kalata ya ubatizo apeza dzina la Nélida. Ukwati wanga unali pepala lopanda ntchito. Ndipo pamene ndinawafunsa maso ndi maso, pakamwa pakadali mawu, anasankha kuyang'ana khoma.

Kenako Ximena ananena chimene chinanditsiriza.

"Buku ndilibe nalo ntchito kwenikweni. Pa tepi yachiwiri pali nyimbo imodzi imene anaimba amayi. Kamodzi kokha m'moyo wawo, ali ndi mimba ya ine, fodya asanawawononge pakhosi. Ndinkangofuna kumva mawu awo ali mtsikana." Anapukuta m'maso. "Mayi Dora aja muwauze kuti ndinawakhululukira. Sankadziwa."

7

Tsopano Lachiwiri lija.

Inali sabata imene khonsolo imatola zinyalala zikuluzikulu m'dera lathu. Aliyense amatulutsa mafiriji akufa, matiresi ndi mipando yothyoka n'kuziunjika pakapinga m'mphepete mwa msewu, ndipo lole isanabwere anthu amazungulira ndi timagalimoto kutola zimene zawasangalatsa. Chinthu chabwino sichikhalitsa pamenepo.

Cha m'ma teni m'mawa ndinawasambitsa a Heraclio, ndinawakhazika pa wilitcheya, ndinawakankhira pazenera la pabalaza loyang'ana kumsewu. Ndinatsegula katani yonse. Ndinakwera pampando, kutsitsa chitini, n'kuchiika pamiyendo pawo kuti achione bwino.

"Wantchito akukonza m'nyumba lero, bwana," ndinatero.

Ndinachinyamula, kutuluka nacho, n'kuchikhazika pamwamba pa mulu, pa maikulowevu yakufa. Ndinabwerera n'kuima kumbuyo kwawo, manja ndili pindepinde. Ankalira ngati mbuzi yomangidwa pakamwa. Dzanja lamoyo lija linkamenya pa wilitcheya. Anakweza maso kundiyang'ana, ine ndinayang'ana kumsewu.

Sipanathe theka la ola. Inaima pikapu yoyera, anatsika bambo wa kabudula ndi chipewa. Anatsegula chitini, anasuzumira, anakweza mapewa, n'kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi maikulowevu. Mwina ankafuna chitini chokhacho choikamo misomali. Nambala ya galimoto sindinaione, ndipo sindinayese kuiona.

Nditatero ndinawapukuta kumaso, ndinawapatsa tiyi. Anakana kumwa. Anakhala masabata ena asanu ndi anayi m'manja mwanga, ndikuwadyetsa, ndikuwatembenuza, iwo akudziwa, ine ndikudziwa, ndipo panalibe amene iwo akanatha kumuuza.

8

Ximena atabwerera kwawo ndinapita kwa Mayi Dora kukapereka uthenga wa chikhululukiro. Ndinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Ndinayamba ndi uthengawo, koma pakamwa panapitirira pokha mpaka ndinafika pa pikapu yoyera. Sanasiye kuthirira.

"Ndinadziwa Loweruka lachiwiri," anatero.

"Munadziwa bwanji?"

"Ine ndinkagwada m'mashelefu. Inu munkayang'ana madiresi."

"Nanga Loweruka lachitatu munapitiranji?"

"Ndinkati mwina mulankhula m'galimoto." Anatseka mpope. "Namfedwa sititsutsana naye, achemwali, ndi mmene tinaleredwera. Ndinati ndisenze, mtima wanu ukatsika mudzanditula. Chaka chikutha tsopano. Za ine zisiyeni, anthu aseka atopa. Koma mwana uja akukhululukira munthu wolakwika. Muimbireni."

"Ndimuimbira."

"Liti?"

Ndinatembenuka n'kumapita. Sanandiperekeze pageti, ndipo kuyambira tsikulo amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwandiweruza kale, ndipo sindikupemphani kuti muchepetse. Ena mukuti bamboyo ndi amene anayamba, ndipo n'zoona, anandinamiza kuyambira tsiku la ukwati, ananditeteza ngati mmene umatetezera mwana, osandiuza chimene akunditeteza nacho. Mkwiyo wanga pa iwo sunathe ndipo sindikuona kuti udzatha. Koma amene ndinamulanga si iwo okha. Ndinalanga mtsikana amene sanandilakwire, ndi mayi amene anandiimbira nyimbo pamaliro. Mukakwiya ndi munthu wa m'nyumba mwanu, yang'anani kaye kuti chimene mwanyamula kukataya n'cha ndani.

Buku la Ximena linatuluka. Mutu womaliza umati chimbale chachiwiri cha Los Faroles Ciegos chinatayika mwangozi ku Australia, ndipo palibe wamoyo amene angakumbukire nyimbo zake zonse. Ananditumizira kope limodzi, atalemba ndi dzanja patsamba loyamba kuti, "Kwa mkazi wa bambo anga."

Nambala yake ndili nayo. Ndaitsegula kangapo, chala n'kuima m'malere. Mwina mukuti polemba zonsezi ndalimba mtima. Ayi. Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndikudziwa kuti Ximena sangawerenge.